Chaka Chimene Ndinathena Maungu

Ine ndine mlimi wa fodya. Ndinayamba kuthirira nazale ndisanadziwe nsapato, ndipo kuno kwathu, kuseri kwa Chamama, munthu akamakayika ngati fodya wake wa bale wafika pothyola amabwera kudzanditenga. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwiretu: zimene ndinachita chaka cha njala chija sindinazichite chifukwa cha umbuli. Ndinazichita chifukwa chodziwa kwambiri.

Nyumba yanga ndi yomalizira m'mudzi. Kuseri kwa mpanda wanga wa udzu kumayambira esiteti, ndipo pomwepo pali timisasa ta matenanti, anthu ochokera maboma ena amene amabwera kudzalima fodya wa mwini esiteti n'kumalandira chakudya chimene amati phoso. Kanjira kawo ka kumjigo kamatsata mpanda wangawo. Chaka chimenecho m'kamsasa koyandikana nafe munali banja la ku Phalombe: bambo wamtali wosakonda kulankhula, mkazi wake amene tonse tinkamutchula amake Lute, ndi ana atatu.

Novembala

Mvula yoyamba inagwa bwino. Tinadzala chimanga ndi mtima wonse, fodya n'kuwokera. Patapita sabata ndi theka, mkazi wanga Anankhoma akusesa pabwalo anaima kuseri kwa thandala la mbale, tsache lili m'manja.

"A Mbewe, mwadzala maungu pano ndinu?"

"Ine maungu? Ndinayamba liti?"

Kwathu kuno maungu ndi mbewu ya amayi. Amaponya nthanga m'mizere ya chimanga, ife amuna n'kumangowalumpha popalira. Koma apa panali pabwalo, pamalo poti Anankhoma amasesa tsiku ndi tsiku mpaka nyerere kusowa pobisala. Timbewu tinayi, tamasamba awiriawiri, tinali titatukula mitu pamene pamakumana madzi a pathandala ndi a kubafa.

Anankhoma anafuna kuzula. Iwo chilichonse chobiriwira pabwalo amadana nacho, akuti chimaitana njoka. Ndinawaletsa ndine, osati poganizira za mawa ayi, koma ndinkangofuna kuona. Nthangazi zinachokera kuti? Maungu athu a chaka chapitacho anali atatha kalekale, ndipo nthanga zake tinakazinga n'kutafuna zonse. Anankhoma anati ndi makoswe. Ine ndinkaganizira manyowa a mbuzi amene ndinawatenga kwa mlamu wanga ku Simlemba n'kuwaunjika pamenepo ndisanapite nawo kunazale. Tikukangana choncho, amake Lute ankadutsa ndi ndowa pamutu, ndipo anasuzumira pampanda.

"Asiyeni, mayi. Omera okha amakhala amphamvu. Mlendo muyambe mwamumva chimene wadzera."

Anankhoma anaseka n'kuwasiya, koma anandichenjeza kuti njoka ikabwera idzakhala yanga.

Disembala

Sindinaonepo mbewu yothamanga ngati imeneyo. Madzulo ndinkazika kamtengo pansonga, m'mawa n'kupeza nsonga yakapitirira ndi chikhatho chathunthu. Masamba ake anali otambalala, amathothomathotho oyera, osiyana ndi a maungu athu akuno. Ndinkati ndikachoka kumunda wa fodya, ndisanasambe, ndiyambe ndakaona kumene alendo athu afika. Mmodzi anakwera thandala, wina analunjika kuchigafa choyanikamo fodya, awiri anatsata mpanda.

Nkhokwe yathu inathera m'masiku a Khirisimasi, pakuti chaka chapitacho sitinakolole bwino. Ambiri m'mudzimo zinali chimodzimodzi, koma palibe ankada nkhawa kwambiri. Chimanga kumunda chinali chobiriwira, chofika m'mawondo.

Nkhwani ndiye unachuluka. Anankhoma anauza amake Lute kuti azilowa n'kumathyola, asamachite kupempha. Mayi uja ankathyola mwaulemu, tsamba apa tsamba apo, osavulaza nsonga. Awiriwo ankakhala pamthunzi wa chigafa kusadzula nkhwani, wina kuseka kalankhulidwe ka mnzake. Anankhoma si munthu wopalana ubwenzi msanga, ndiye ndinkadabwa kuwamva akuseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje.

Januwale

Chaka chitangolowa, mvula inadula. Sabata yoyamba tinati ikupuma. Yachiwiri chimanga chinapota masamba ngati anyezi. Yachitatu mbozi zinalowa m'mitima ya chimanga chotsalacho, ndipo anthu anasiya kupita kumunda masana poopa kuona.

Ku Chamama mtengo wa ndowa ya chimanga unkasintha ukadali pamzere. Mavenda anasiya ndowa n'kuyamba kuyeza ndi mbale, kenako mbale ija inayamba kuchepa. Madeya amene tinkapatsa nkhumba anakhala chakudya cholimbirana kuchigayo. Ena anagulitsa mbuzi pamtengo wa nkhuku, wina anasasula malata a nyumba yake, ena anagulitsiratu fodya akadali m'munda. Sabata iliyonse kunkabwera mphekesera yakuti kukubwera galimoto ya chimanga chaulere, mayina alembedwa kale. Tinkasesa pabwalo la sukulu n'kudikira mpaka dzuwa kupendeka, n'kubwerera ndi matumba athu opindapinda.

Kuesiteti phoso linayamba kuchedwa, kenako linasiyiratu. Bambo wa ku Phalombe uja ananyamula khasu n'kulowera cha ku Nkhamenya kukasaka ganyu. Anasiya mkazi ndi ana atatu, ndi munda wa fodya woti aziusamalabe.

Ife tinayamba kudya kamodzi patsiku, ife awiri ndi adzukulu athu awiri. Pabwalo ponse chobiriwira chinali maungu aja basi, pakuti madzi otsukira mbale ndi osamba ankathera pamizu pawo. Anankhoma, amene ankafuna kuwazula, tsopano ankachita kupungulira madzi mwadala.

"Dzungu limafulumira kuposa chimanga," anatero. "Awa akangobereka, Febuluwale tiwoloka. Ife ndi a kuseriwa tonse."

Maluwa atayamba, ndinawayang'anitsitsa monga ndimachitira ndi mbewu iliyonse. Ndinapeza kuti alipo a mitundu iwiri. Ena ali ndi kadzungu kakang'ono kunsi kwake. Ena, ochulukitsitsa, ali pakaphesi kowonda, opanda kanthu. Mlimi wa fodya akaona chotere magazi amathamanga. Fodya akatulutsa maluwa timamuthena, kutanthauza kudula nsonga ya maluwayo, n'kumachotsanso mphukira zonse, kuti mphamvu isatayikire ku zinthu zopanda pake koma ipite kutsamba. Ndinadzifunsa kuti, amayiwa zaka zonsezi akhala akusiya maluwa osabereka kuti aziyamwa dzungu? M'chaka cha chilala chotere?

Ndiye mbandakucha uliwonse, Anankhoma akapita kukagwira mzere kumjigo, ndinkalowa m'maungumo n'kubudula maluwa onse opanda kadzungu asanatsegule bwino. Onse, osasiya ngakhale limodzi. Ntchito yanga sindichita mwatheka. Ndinkawaponya kuseri kwa mpanda kuti ndisadetse bwalo losesedwa. Sindinauze munthu. Ndinkafuna maungu adzayambe akula ngati mitsuko, kenako ndidzanene kuti onani zimene dzanja la mlimi wa fodya limachita.

Anankhoma anadandaula kuti maungu achilendowa ndi omana, sachita chiluwe, maluwa aja amene amayi amaphika ngati ndiwo. Ine ndinangomwetulira chamumtima.

Febuluwale

Timaungu tinayamba kuthothoka. Kadzungu kankafika ngati dzira la nkhuku, kenako kuchita chikasu, kufota, n'kugwa. Lero awiri, mawa atatu. Ndinkawatola n'kuwang'amba ndi mpeni kufuna mbozi, osapeza kanthu. Ndinathira phulusa. Ndinayala udzu pansi kuti asagone padothi lotentha. Ndinawonjezanso khama pa kuthena kuja, poganiza kuti pali maluwa ena akundizemba.

Mvula inabwerera, koma kwa chimanga chambiri inali itachedwa. Mwezi umenewu anthu ankayenda pang'onopang'ono, ndipo kutchalitchi nyimbo zinkathera pakati.

Kwathu kuno mwana aliyense amadziwa kuti dzungu laling'ono sililozedwa ndi chala. Ukaliloza limafota. Ukafuna kuonetsa mnzako umaloza ndi chibakera kapena ndi milomo. Tsiku lina Anankhoma anabwera kuchokera kumjigo nkhope itasintha. Mayi wina anali atawauza kuti anaona amake Lute ataima pampanda, akuonetsa ana ake timaungu tathu, chala chili chilili.

Madzulo ake amake Lute analowa kudzathyola nkhwani monga mwa masiku onse. Ine ndinali pachigafa, ndikusoka fodya woyamba.

"Amake Lute, kodi kwanu ku Phalombe dzungu mumaloza ndi chala?"

"Iyayi, mayi. N'chimodzimodzi ndi kuno."

"Nanga anga mukuwalozeranji? Ndakulakwirani chiyani ine? Ndinati tidyere limodzi, inu mwati tifere limodzi?"

Mayi uja anayang'ana pansi, kenako anayang'ana kumene ndinakhala ine. Ndinaganiza kuti akufuna ndimupepesere, ndipo ndinaweramira fodya wanga, pakuti nkhani za amayi sindilowerera.

"Ndamva, mayi," anatero. Anakhuthula nkhwani umene anali atathyola kale, n'kuusiya pathandala, n'kutuluka.

Kuyambira tsiku limenelo sanapondenso pabwalo pathu. Nkhani inafala kumjigo, ndipo inakula monga zimakulira nkhani m'nyengo ya njala. Akuti mayi wa ku Phalombe ali ndi chala choipa. Amene ankamupatsa ganyu wopalira anasiya, poopa kuti angawalozere mbewu. Ndinkamuona akudutsa m'kanjira kaja m'mawa, atawerama, mwana wamng'ono ali kumsana.

Sabata yomweyo kunamveka kuti ku Kasungu kuboma kwafika chimanga chotsika mtengo. Ndinapalasa njinga, ndipo mzere wake unandidyera masiku anayi kuti ndipeze kathumba kosadzaza. Nditabwerera, Anankhoma anandikokera kumaungu ndisanatsitse n'komwe katundu. Timaungu titatu tinali titagwira, tobiriwira, tonyezimira, tokula kuposa chibakera changa.

"Mwaona? Chichokereni mayi uja."

Ndinavomera. Ndinaonanso kuti maluwa opanda pake aja achuluka pamene ine kunalibe, ndipo m'mawa mwake ndinayambiranso ntchito yanga. Atatu aja anapitiriza kukula, koma onse otuluka pambuyo pake anayambanso kuthothoka.

Apa m'pamene mutu wanga unayamba kugwira ntchito. Amake Lute sakubwera, sakusuzumiranso pampanda, nanga akuloza ndani? Chinasintha n'chiyani masiku anayi aja? Ndinaganizira mvula, ndinaganizira mwezi, ndinaganizira madzi a sopo. Wotsiriza kumuganizira ndinali ine.

M'mawa wina sindinabudule kanthu. Ndinatenga kampando n'kukhala pafupi, ati kuona maso a nkhono n'kudekha. Dzuwa litangotuluka maluwa onse anatsegula, ndipo njuchi zinafika. Ndinatsata imodzi ndi maso. Inalowa m'duwa lopanda kadzungu, n'kukhalitsamo, n'kutuluka ili mbuu ndi ufa wachikasu. Kuchoka apo inakalowa m'duwa la kadzungu. Inanso chimodzimodzi. Ndinamanga luzi pa timaungu tonse timene maluwa ake anatsegula tsiku limenelo ndi masiku awiri otsatira. Sabata isanathe, pafupifupi tonse ta luzi tinali titagwira.

Ndinkafunabe kumva kwa munthu wa sukulu. Tsiku la msika ndinakumana ndi mlangizi wathu wa fodya ku Chamama, ndipo ndinamukokera pambali.

"Alangizi, pali mnzanga wina. Akuti amachotsa maluwa osabereka pa maungu ake, kuti mphamvu ipite kuzipatso."

"Onse?"

"Akuti onse."

Mnyamata uja anaseka mpaka kugwira chishalo cha njinga. "A Mbewe, mnzanuyo akuthena dzungu ngati fodya? Maluwa amenewo ndiye amuna ake. Fodya timafuna tsamba, n'chifukwa chake timadula maluwa. Dzungu timafuna mwana. Mudzi wopanda amuna munauonapo ukuchita zikuta? Kamuuzeni kuti safunsa anadya phula."

"Ndikamuuza," ndinatero.

Ndinasiya kubudula, koma sindinauze munthu. Ndinkati ndinena mawa. Mawa likafika ndinkaona Anankhoma akuyendera maungu awo mokondwa, ndipo ndinkaganizira mmene nkhani idzamvekere kubawo: Mbewe, katswiri wa fodya, wathena maungu. Ndinkadziuza kuti maungu akugwira, ndiye vuto latha. Manyazi ndi chinthu choipa. Ndinkamva mwana akulira kuseri kwa mpanda, ine n'kumasoka fodya.

Malichi

Dzungu loyamba tinalidula kumayambiriro kwa mwezi. Linali lofiira m'kati, laufa, lotsekemera ngati mbatata. Adzukulu anadya mpaka makoko. Anankhoma ankasunga nthanga iliyonse palichero, uku akunena kuti akanapanda kulimba mtima n'kuthamangitsa mayi uja bwenzi tikudya dothi.

Chidutswa changa ndinachibweza m'mbale. M'mawa wa tsiku lomwelo ndinali nditamva kuti mwana wamng'ono wa amake Lute watupa mapazi, ndipo anapita naye kuchipatala n'kubwerako ndi chiponde cha ana onyentchera.

"Anankhoma, mayi uja sanalakwe. Ndine."

Ndinafotokoza zonse: mbandakucha, maluwa, njuchi, luzi, mlangizi. Anandimvetsera osaphethira. Ndinkayembekezera kuti akalipa, koma anangoika lichero pansi pang'onopang'ono.

"Munathena maungu."

"Ndinathena."

"Zaka makumi atatu ndili nanu, simunathyolepo ndi tsamba limodzi la nkhwani. Chaka cha njala chino ndiye mwati muyambe ukatswiri." Kenako anandifunsa, "Mwadziwa liti?"

Ndinawauza. Apo ndiye anandiyang'ana moti ndinalakalaka akanangokalipa.

Anadzuka n'kukadula awiri otsala a atatu oyamba aja, aakulu kwambiri. Limodzi anasenza okha, lina anandipatsa. Ndinafuna kuliika m'thumba n'kumanga panjinga.

"Ayi. Pamutu. Ndipo tidzera kumjigo. Ine ndinamunyoza pakamwa pa anthu, inu mukamutsuka pakamwa pa anthu."

Kuchoka kwathu kupita kumsasa kuja sudzera kumjigo, koma tinadzera. Amayi anali ambiri, ndowa zili ndondondo. Ataona bambo wa imvi atasenza dzungu anasiya kupopa. Ndinaima pakati pawo n'kunena zimene ndinachita, mwachidule mmene ndikanathera. Ena anaseka mpaka kukhala pansi. Mayi amene anabweretsa nkhani ya chala uja sanaseke. Anatola ndowa yake yosadzaza n'kuchoka.

Amake Lute tinamupeza pakhomo pa kamsasa kake akusankha masamba a fodya, mwana wodwala uja atagona pachiguduli pambali pake. Anali ataonda kwambiri. Anatiyalira thumba, ife n'kutula maungu. Anankhoma anayamba kupepesa, mawu n'kuwathera, ndiye ndinapitiriza ine. Ndinayamba kufotokoza za maluwa a mitundu iwiri, koma anandidula mwaulemu.

"Ndinkakuonani, bambo."

"Munkandiona?"

"M'mawa uliwonse. Mpanda wanuwu uli ndi mipata. Kwathu pothyola chiluwe timasiyako ena, sitimaliza onse. Ndinadziwa tsiku loyamba lomwe kuti maunguwa sagwira."

Anankhoma anagwira pakamwa. "Nanga bwanji osanena, mwana wa amayi? Tsiku lija ndinkakukalipirani, bwanji osanena?"

"Ine wobwera, ndiuze bambo eni mudzi kalimidwe? Pamaso pa akazi awo?" Anasalaza tsamba la fodya pabondo pake. "Komanso ndisaname, mayi. Maluwa ankagwera kuno. Ndinkatola, lichero kudzaza. Ndikaphika ndi madeya pang'ono, ana ankagona. Ndikananena, bambo akanasiya. Ndinaona kuti maungu ndi a mawa, koma maluwa ndi a lero. Pamenepo ndinakulakwirani, chifukwa maungu anali anu."

"Koma dzina lanu linaipa mudzi wonse," ndinatero.

"Dzina mwana sadya, bambo."

Mwana uja anadzuka n'kuyamba kusisita dzungu ndi kadzanja kake. Amake Lute anamuyang'ana, kenako anatembenukira kwa ine, ndipo mawu ake sanakwere.

"Mawu a mayi sanandipweteke kwambiri, iwo sankadziwa. Chinandipweteka ndi tsiku limene maluwa anasiya kugwa inu mulipo. Ndinapita pampanda, palibe. Mawa lake, palibe. Ndinati basi, bambo azindikira, abwera kudzanena. Ndinasesa pakhomo pano masiku atatu."

Anankhoma ankalira poyera, osabisa.

Epulo

Maungu anayi omera okha aja anabereka mpaka kudenga la chigafa. Nyumba ziwiri zinadya, ndipo amayi ena a kumjigo ankabwera kudzapempha nkhwani, aliyense ndi nthabwala yake yokhudza ine. Chimanga tinakolola chochepa, choyamba tinachita kusinja chisanaume. Mwana uja anachira, mapazi anaphwa, ndipo ndinamuona akuthamangitsa nkhuku zathu pabwalo.

Bambo wa ku Phalombe anabwerera ndi kathumba ka chinangwa chouma. Fodya atamangidwa mabelo, banja lonse linakwera lole kubwerera kwawo, ndipo chaka chotsatira m'kamsasa kaja munalowa anthu ena. Anankhoma anandikhululukira, ngakhale mpaka lero ndikayandikira maungu awo amatsokomola. Kumene nthanga zija zinachokera sindinadziwe.

Kubawo amanditchula Wothena Maungu, ndipo ndimaseka nawo, chifukwa kulakwitsa kumeneko n'koseketsadi. Zimene sindiseka n'zina. Kuchokera tsiku limene ndinadziwa kufika tsiku limene ndinapita kukanena panadutsa masiku khumi ndi asanu ndi limodzi. Lole itachoka ndinayenda kuchokera pakhomo panga kukafika pakhomo pa kamsasa kaja, ndikuwerenga mapazi. Anakwana makumi anayi.